Katoni Yochokera ku Durban

Uthengawo unalowa pa foni ndili pakati pomanga mabuku a ophunzira. Ndimagwira ntchito pa kashopu ka fotokope ku Luwinga, pafupi ndi yunivesite, ndipo inali nyengo ya mayeso, aliyense akufuna kuti ndiyambire mapepala ake. Nambala inali yakunja. Ndinadikira mpaka masana, anthu atachepa, ndiye ndinamvetsera.

Anali mayi wachikulire wachimwenye wa ku Durban, mwini nyumba imene achimwene anga ankachita lendi. Achimwenewo anali oyamba kubadwa m'banja mwathu. Anachoka kwathu ku Phalombe ine ndili sitandade faifi, anakhala ku Joni zaka zingapo, kenaka tinamva kuti atsikira ku Durban. Anabwerako kawiri kokha. Ankaimba foni pa Khirisimasi, ndipo tikawafunsa za ntchito ankangoti, "Ndili pa kampani ina yake." Anamwalira miyezi inayi uthengawu usanabwere. Anzawo a ku tchalitchi ndiwo anawaika konko, ine mwambo wonse ndinaonera pa foni.

Mayiwo analankhula m'Chingelezi, pang'onopang'ono ngati akuwerenga. Anati asesa m'chipinda cha achimwene, zovala apereka ku tchalitchi monga malemuwo ananenera, ndipo zotsala aika m'katoni n'kutumiza pa kampani ina yonyamula katundu pa ndege. Anandipatsa nambala yotsatira katunduyo. Anati masiku asanu sakwana ifika.

Ndinali ndisanalandirepo kanthu kochokera kunja mwa njira imeneyi. Katundu wa ku Joni amene ndinkamudziwa ndi wa pa basi, womangidwa m'zikwama za mizeremizere, amene umakamulandira ku depoti kwa munthu amene ukumudziwa nkhope. Tsono nditalemba nambala ija pa kompyuta ya pa shopu n'kuona kuti katoniyo ili ndi mbiri yake, ola ndi ola, ndinachita nayo chidwi kwambiri. Inachoka ku Durban madzulo. M'mawa inali ku Joni. Tsiku lotsatira inapezeka mu mzinda wina wa kumpoto kwenikweni, kupitirira Tanzania. Ndinatenga mapu a m'buku la ophunzira n'kuika rula. Katoniyo inali itadutsa pamwamba pathu penipeni osatsika.

Madzulo ndinawafunsa bambo a kunyumba. Iwo ndi mbadwa ya mu Mzuzu momwemuno, amakonza mafiriji, ndipo sadabwa ndi zinthu msanga.

"Bwanji osangoitsitsa podutsa?"

"Mama, minibasi ya ku Ekwendeni simakutsitsani pakhomo chifukwa choti yadutsa pafupi ndi nyumba yanu," anatero. "Ili na siteji yake. Lindilirani."

Ndinadikira. Tsiku lachinayi katoni inafika ku Lilongwe, ndipo pansi pake panalembedwa kuti yaimitsidwa, ikudikira akasitomu, oona za katundu wolowa m'dziko. Mawa lake mawu anali omwewo. Mkuja chimodzimodzi. Sabata itatha ndinapempha nthawi kwa abwana n'kukwera minibasi kupita m'tauni.

Ofesi ya kampaniyo inali kachipinda kamodzi: kauntala, sikelo yaikulu pansi, makatoni angapo pakona. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wina wa magalasi, wa msinkhu wanga.

"Monire mama. Mwatandala uli?"

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

Atamva kayankhidwe kanga anatembenukira ku Chichewa. Analemba nambala ija, anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali, kenaka anapempha chitupa changa. Anayang'ana chitupa, anayang'ananso kompyuta.

"Munthu amene walembedwa apa si inu."

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Pamenepo panali dzina langa laubwana, limene anandipatsa agogo ndisanabatizidwe, ndi dzina la bambo anga. Pa chitupa pali dzina la ubatizo ndi la amuna anga. Palibe liwu limodzi limene linkafanana. Mayi wa ku Durban anakopera zimene anapeza m'kope la achimwene, ndipo achimwenewo okha ndi amene ankanditchulabe dzina limenelo. Ngakhale ana anga salidziwa. Pa adiresi panalembedwa kuti Lupaso, kuseri kwa tchalitchi, nyumba ya mitengo iwiri ya mapeyala. Ndinakumbukira kuti ndinawauzapo zimenezi pa foni kalekale, titangosamukira kumene. Sindinkadziwa kuti analemba.

"Adiresi ilibe suzgo," anatero mayiwo. "Madalaivala athu nyumba zambiri amazipeza ndi mitengo yomweyo. Koma dzinali. Mutibweretsere umboni woti anthu awiriwa ndi munthu mmodzi."

Zinanditengera masiku atatu. Setifiketi ya ukwati inaonetsa dzina la bambo anga, koma laubwana lija silinalembedwe paliponse, ngakhale pa mapepala a sukulu. Ndinachita kukalumbira kwa loya kuti ine ndine ineyo. Mapepala onse ndinawajambula ndekha pa makina a pa shopu, oyera bwino, ndipo mayi wa pa kauntala anawayamikira asanawatumize ku Lilongwe.

Ndinkayesa zatha. Patapita masiku awiri anandiimbira kuti ndibwerenso.

"Akasitomu akufuna mndandanda wa zimene zili m'katoni, chimodzichimodzi. Otumiza anangolemba kuti zinthu za malemu. Muli vichi m'menemo?"

"Sindikudziwa."

"Katunduyu ndi wanu?"

"Ndi wanga. Ndalumbira dzana lomweli."

Tinaseka tonse. Ndinawaimbira mayi a ku Durban pomwepo. Anati muli nsapato, wailesi, mabuku, ndi mabotolo ake aja.

"Mabotolo a chiyani, mayi?"

"Aja ankakhala pa windo. Ndimayesa mukuwadziwa."

Foni inaduka. Nditayesanso sinalowe, ndipo mauthenga anga sanayankhidwe kwa masabata ambiri. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha maondo. Choncho pa fomu ndinalemba zimene ndinamva: nsapato, wailesi, mabuku, mabotolo.

Liwu lomalizalo ndi limene linaimitsa zonse. Ku Lilongwe anafunsa ngati ndi mabotolo a mowa, a mankhwala, a mafuta onunkhira kapena opanda kanthu, chifukwa chilichonse chili ndi lamulo lake. Ndinafunsa mayi wa pa kauntala kuti n'chifukwa chiyani sakungotsegula n'kuona. Anati amatsegula ndithu, koma pepala liyenera kunena kaye, kenaka maso atsimikize. Anandionetsa pa kompyuta yake kuti chinthu chilichonse chodutsa malire a dziko chili ndi nambala yake, yofanana m'maiko onse. Nsapato zachikopa zili ndi yake, zapulasitiki yake. Nsomba youma ndi yosiyana ndi yaiwisi. Tsitsi la munthu lili ndi nambala, maambulera, ngakhale mano oikirira.

Tsiku limenelo munalibe anthu mu ofesimo, kunja kukugwa mvula yamawawa, ndiye ndinakokera mpando pafupi.

"Nanga ngumbi?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka analemba. Tizilombo todyedwa tinalimo. Tinafufuzanso mphasa, lichero ndi mpini wa khasu. Zina tinazipeza, zina zinabisala pansi pa mawu akuti zinthu zina zopangidwa ndi mtengo. Ndinatuluka mu ofesimo katoni isanasunthe ngakhale pang'ono, koma njira yonse m'minibasi ndinkayang'ana katundu wa anthu n'kumadzifunsa kuti akanamulemba pa nambala iti.

Sikuti masiku onse anali otere. Kampaniyo inali ndi nambala ya foni ya madandaulo, ndipo ukaimba ankayamba akuimbira nyimbo. Nthawi iliyonse ankayankha munthu watsopano, ndipo nkhani ndinkaiyamba pachiyambi: achimwene, Durban, maina awiri, mabotolo. Wina anati mapepala anga sanafike. Ndinatumizanso. Wina anati afika koma tsamba limodzi silikuoneka. Wachitatu anandiuza mwaulemu kuti katundu akakhalitsa amabwezedwa kumene wachokera. Ndinaganiza za mayi wa maondo uja akulandiranso katoni imene anavutika kumanga, ndipo tsiku limenelo ndinalakwitsa kumanga buku la wophunzira wina, masamba ndinawaika chadodolido.

Kumudzi nako nkhani inali itafika. Mng'ono wanga wa ku Phalombe anaimba kunena kuti mabotolo a munthu wokhala yekha kunja zaka zonsezo si oti n'kuwalowetsa m'nyumba mwachisawawa, ndiyambe ndaitana abusa. Bambo a kunyumba ankati ndi mowa wodula umene mabwana amapatsa antchito pa Khirisimasi, ndipo popeza achimwene sankamwa, ankangousunga. Ine ndinkasinthasintha maganizo. Tsiku lina ndinkati ndi mankhwala a matenda amene sanatiuze. Tsiku lina ndinkati ndi mchenga wa kunyanja yamchere, poti anandiuzapo kuti amakonda kukhala kumeneko Lamlungu. Ndinazindikira kuti za munthu amene anandibereka kumsana ndili khanda ndinkadziwa zochepa kwambiri, moti chilichonse chikanatha kukhala m'mabotolomo ndipo sindikanatsutsa.

Kenaka ku Lilongwe anaunika katoniyo ndi makina, ndipo anati m'mabotolomo mukuoneka tinthu ting'onoting'ono tambiri, ngati ta zomera. Mayi wa pa kauntala ndi amene anandipatsa nzeru. Anati m'malo mokwera basi usiku wonse kupita ku Lilongwe kukaona katoniyo ikutsegulidwa, ndilembe kalata yopempha kuti katoniyo ibwere kuno yomata chidindo, idzatsegulidwe ku ofesi ya akasitomu ya kuno ine ndilipo. Anandiuza mawu oyenera kulemba. Zinatenga masabata ena awiri, koma anavomera.

Tinapita ndi bambo a kunyumba m'mawa wina wozizira wa mu Juni, chifunga chisanachoke m'mitengo. M'chipinda chimene anatilowetsa munali tebulo lalitali lachitsulo. Munali bambo wa kasitomu, wachete, wonyamula fomu ndi kampeni, ndi mayi wina wamtali wovala majombo amene anati ndi woyang'anira zomera zolowa m'dziko, wochokera ku malo ofufuzira za ulimi. Katoniyo inali pa tebulo. Inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaiganizira, yodzaza mapepala omata mbali zonse, ngodya imodzi itaphwanyika. Bambo wa kasitomu anandionetsa kuti chidindo sichinadulidwe, ndiye anadula.

Pamwamba panali nsapato za ku tchalitchi, zopolishidwa. Pansi pake wailesi, Baibulo lachichewa lothothoka chikuto, kasizasi kolimba kodulira nthambi, ndi makope asanu omangidwa pamodzi ndi lamba. Mabotolo anali pansi penipeni, lililonse litalowetsedwa mu sokosi. Anali mabotolo a jamu ndi a mayonesi, asanu ndi atatu. Bambo wa kasitomu ankavula sokosi limodzilimodzi n'kumandandalika pa tebulo.

Munali mbewu. Botolo lililonse linali ndi kapepala komata, kolembedwa ndi dzanja la achimwene, zilembo zopendekera kumanzere zimene ndinazizindikira nthawi yomweyo. Nandolo. Nseula. Chitowe. Therere. Mphonda. Mawere. Bonongwe. Kalongonda. Pansi pa dzina lililonse panali mawu akuti za kumunda kwa amayi, ndi nambala yosonyeza kuti abzala n'kukolola kangati. Nandolo anali atafika kakhumi ndi kanayi.

Ndinakhala pansi. Ndinakumbukira ulendo wawo wachiwiri, amayi akadali moyo. Tsiku lonyamuka anakhala pakhonde n'kumamanga timbewu m'tinsalu, amayi akuwatapira m'zikho, ife tikuwaseka kuti munthu wa m'tauni ya azungu akalima pati. Anangoseka nafe n'kuika m'thumba la jekete.

Bambo a kunyumba anatsegula kope limodzi. Munali zojambula za masamba ndi maluwa, masiku obzala, maina a misewu ndi manambala a nyumba. Pakati pa masamba panagwa kakhadi ka ntchito kokhala ndi chithunzi chawo, atavala ovolosi yobiriwira. Inali kampani yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu.

"Alamu anali wa m'dimba," anatero bambo a kunyumba. "Kampani ina yake ija ndi iyi."

Mayi wa zomera anali atayamba kale kuzunguza mabotolo m'manja, akuyang'ana powala. Kenaka anandiuza mofatsa kuti mbewu sizilowa m'dziko popanda chilolezo cha kuno ndi kalata ya kumene zachokera yotsimikiza kuti zilibe matenda.

"Koma zinachokera konkuno," ndinatero. "Ndi za ku Phalombe. Ndinaona ndi maso anga akuzimanga."

"Zinatuluka ndi pepala?"

"Zinatuluka m'thumba la jekete."

"Ndiye kwa ife ndi zachilendo, mama. Ndiponso izi si zimene zinachoka zija. Izi ndi zidzukulu zake. Zamera m'dothi la eni zaka zonsezi, ndipo sitidziwa kuti zatolako chiyani."

Sindinakwiye. Ndinkafuna kudziwa kuti matenda angabisale pati m'kambewu kouma gwa ngati kamwala. Anatulutsa kagalasi kokuza zinthu m'thumba, anathira nseula zingapo pa pepala loyera, n'kundiitana. Ndinaona timabowo tozungulira bwino ngati toboola ndi singano, ndipo m'kamodzi munali kachilombo kakufa, kopinda miyendo. Anati kameneka amakadziwa, kaliponso kuno, koma ena amene amabwera chonchi ndi achilendo, ndipo ena saoneka n'komwe mpaka mbewu itamera masamba. Ndinamufunsa mafunso ambiri, mpaka bambo wa kasitomu anayang'ana wotchi.

Anagamula kuti mabotolo awiri ofumbwa, a nseula ndi mawere, akatenthedwa. Enawo awatenga, akabzala pang'ono m'nyumba yotchinga ndi neti kumalo awo, n'kuona mmene zimere. Sanalonjeze kanthu. Anati zikapezeka ndi vuto nazonso zidzatenthedwa, ndipo ndinasayina kuti ndamva. Ndinapempha timapepala tomata pa mabotolo awiri aja. Anatimatula bwinobwino ndi kampeni n'kundipatsa. Bambo wa kasitomu analemba zotsalazo kuti ndi katundu wogwiritsidwa kale ntchito wa munthu womwalira, anadinda, ndipo tinanyamula katoni yopepuka kupita nayo ku Lupaso pa njinga yamoto.

Makope aja ndinawawerenga Lamlungu lililonse masana, tikabwera ku tchalitchi. Achimwene ankalemba Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe ndi mawu ena amene ndikuganiza kuti ndi Chizulu. Za iwo eni sankalemba. Ankalemba za mbewu. "Nandolo wakana mphepo ya kunyanja, ndamusamutsira kuseri kwa khoma." "Abwana a nyumba yachitatu akuti therere ndi udzu, ndizule. Ndabisa kuseri kwa thanki." Zikuoneka kuti analibe munda wawo. Ankabzala m'ngodya za minda ya maluwa ya anthu amene ankawagwirira ntchito, pano mapesi atatu, apo asanu, m'misewu yosiyanasiyana ya mzindawo, ndipo kope ndi limene linkawakumbutsa kuti chakuti chili kwa yani. Pena analemba kuti nyumba ina yagulitsidwa chitowe chisanakhwime, ndipo anapita kukagogoda kwa eni atsopano kupempha kuti adzakolole. Anawalola.

Mayi a ku Durban atatuluka m'chipatala anandiimbira okha. Anadabwa kumva kuti sitinkadziwa. Anati msewu wonse unkawadziwa achimwene ndi therere lawo, ndipo mayiwo ankaliphika ndi zokometsera za kwawo n'kuwapatsirako. Ndinawafunsa ngati achimwene ankachita manyazi ndi ntchitoyo. Anati sakuganiza choncho, chifukwa munthu ukangowafunsa za duwa limodzi ankakuimika pa geti theka la ola. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake kwa ife ankangoti kampani ina yake. Mwina ankaona kuti tinkayembekezera kumva za ofesi. Mwinanso mafoni a pa Khirisimasi anali aafupi, ndipo ife tinkathamangira kunena zathu.

Panapita pafupifupi chaka. Ndinali nditasiya kuyembekezera pamene mayi wa zomera uja anaimba ndili pa shopu. Anati ndikapeza mpata ndikafike.

Nyumba ya neti inali kumapeto kwa minda yoyeserera, ndipo anandiveka majombo ndisanalowe. Mphonda sizinamere, ngakhale imodzi. Bonongwe anamera koma masamba ake anachita mawanga amene sanawakonde, ndiye anamutentha. Nandolo, chitowe ndi therere zinatuluka bwino. Kalongonda anali atakwera mzati mpaka kudenga n'kuyanga neti yonse ya mbali imodzi, moti antchito ankachita kumudula kuti asatseke dzuwa. Anandipatsa maenvulopu atatu a mbewu zatsopano, ndi kalongonda wodzaza kambale m'pepala la pulasitiki, pamodzi ndi kalata yodinda yonena kuti zayesedwa.

Tikutuluka anaima pakhomo.

"Mundiphalire chinthu chimoza, mama. Ine kwathu ndi ku Rumphi, nyemba iyi ya kalongonda timangoibzala yokonzera dothi. Anthu akuti ukadya umazungulira mutu. Kwanu mumadya nadi?"

Ndinamufotokozera mmene amayi ankachitira. Umawiritsa, n'kutaya madzi akuda aja, n'kusenda makoko, n'kuwiritsanso, kutaya madzi kangapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ukachita ulesi n'kudumpha kamodzi, ndiye umaledzera ndithu. Anamvetsera ngati mmene ine ndinkamvetsera za tizilombo take, ndipo anafunsa kuti madziwo timataya kangati kwenikweni, ndiponso timadziwa bwanji kuti tsopano zatheka. Ndinati timaona mtundu wa madzi. Anati akufuna adzaone yekha.

Anabwera ku Lupaso Loweruka lotsatira, atavala chitenje, ndipo ndinachedwa kumuzindikira popanda majombo. Theka la kalongonda ndinasunga kuti ndidzabzale, theka tinaphika. Tinatha makala ambiri. Iye anakhala pa mpando pafupi ndi mbaula, ndipo madzi aliwonse amene ndinkataya ankayamba wawathira pang'ono m'kapu yagalasi n'kuyang'ana powala. Bambo a kunyumba anakana kulawa, anati adikira aone kaye ngati alendo adzuke bwino pa mpando.

Madzulo ndinathira mchere n'kumupatsa m'kambale. Anatafuna nthawi yaitali.

"Ikunowa," anatero, kutanthauza kuti ikukoma. "Kweni ntchito yake njikulu chomene."

Anatenganso zina, kenaka anapempha pepala kuti alembe kaphikidwe kake, poti anzake a kuntchito akamufunsa Lolemba.